Msamuko wa ku Mzuzu Podzera Msewu wa Kunyanja

Masiku ano ndi mabanja owerengeka kunyanja kuno amene alibe mwana kapena mdzukulu amene ntchito idamutengera kutali. Makolo athu akati asamuka, ndiye kuti achoka padooko ili kukamanga padooko linalo, ndipo katundu yense ankakwana m'bwato limodzi kapena pamitu ya anthu asanu. Lero mphunzitsi, namwino, msilikali ngakhale mwalimu wa pamadrasa amangolandira kalata yoti pofika mwezi wakutiwakuti akhale atayamba ntchito kumzinda wina, ndipo banja lonse limanyamuka, kuyambira mtondo ndi munsi wake mpaka mwana wa kumsana.

M'nkhani ino tikambirana za msamuko umodzi wotere, wochoka ku Zomba kupita ku Mzuzu, umene ife tidayenda ndi banja lathu. Lole idayenda masiku awiri okha, koma kukonzekera kwake kudatidyera miyezi itatu. Tidaona kuti katundu wa pa lole savuta kwenikweni. Chimene chimasautsa banja kumalo achilendo ndi zimene lidasiya m'mbuyo zosalongosoka, ndiponso zimene silidafunse za kumene likupitako.

MIZINDA IWIRI YOSAFANANA

Zomba ndi mzinda wakale. Udali likulu la dziko lino mpaka 1975 pamene boma lidasamukira ku Lilongwe. Munthu wa ku Mangochi kapena ku Machinga akamakhala ku Chinamwali, ku Matawale kapena ku Chikanda sadziona mlendo. Chiyao amachimva pamsika, matemba a ku Chilwa amawagula tsiku lililonse, mzikiti amakhala nawo pafupi, ndipo uthenga wa maliro ukamupeza m'mawa, masana amakhala atafika kumudzi.

Mzuzu ndi wina. Udayambira pa esiteti ya mitengo ya tung imene idatsegulidwa m'zaka za m'ma 1940, udakhala mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 udapezeka ndi anthu opitirira 220,000, kuposa kawiri a ku Zomba. Uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ino siyifika ndi 500 omwe. Pamsika pamamveka Chitumbuka, Chitonga ndi Chiswahili. Kuchokera ku Zomba ndi mtunda wopitirira makilomita 550, kotero kuti munthu sangati ndaiwala kanthu ndikatenga mawa. Chimene mwasiya mwasiya.

MWEZI WONYAMUKA

Funso loyamba ndi la nthawi. Ngati akuntchito akulolani kusankha, sankhani mwezi wa August. Mvula imakhala italeka, mwakolola kale, ndipo ana atsekera chaka cha sukulu, popeza chaka chatsopano chimayamba mu September. Mwana wa Sitandade 8 kapena Fomu 4 musamuzule pakati pa chaka, chifukwa dzina lake lidalembedwa kale ku MANEB kudzera pasukulu imene ali, ndipo kusintha malo olembera mayeso ndi ntchito yotaya nayo tulo. Kuli bwino atsale kwa azakhali ake amalize kaye.

Dzinja ndi loopsa kwa wosamuka. Msewu wa kunyanja umadutsa mitsinje yambiri yotsika m'mapiri, ndipo ikadzaza imakokolola milatho. Kumapeto kwa February 2024 madzi adasefukira ku Dwangwa, anthu ambiri adasowa pokhala ndipo msewu udaduka. Lole ikaima pamalo otere masiku atatu, ufa umachita nkhungu, matilesi amanyowa, ndipo mwini galimoto amayamba kuwerenga masiku. Muonenso kalendala kuti ulendo usagwe m'mwezi wa Ramadhan, pakuti kunyamula makabati uli pa swaumu ndi kudzizunza kopanda chifukwa.

ZOSIYA M'MBUYO

Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Tisanagule ndi chingwe chomwe, tidakhala pansi ndi kope ndi kulemba aliyense amene tili naye ngongole ndi aliyense amene ali nayo kwa ife: wa pagolosale, wa makala, telala, mayi wa mandasi, ndi anzathu a m'chipereganyu. Ngongole yaing'ono ndiyo imaiwalika msanga, koma mwini wake saiwala, ndipo dzina la banja lonse limatsala likunenedwa pachitsime. Bwezaninso zobwereka: khasu, wilibala, mphika waukulu wa pa sadaka, mabuku a mnzanu. Mwini nyumba muuzeni pasadakhale mwezi wathunthu, muyende naye m'zipinda zonse, ndipo bilu ya madzi muilipire ndi kusunga lisiti lake.

Chachiwiri ndi kumudzi. Kwathu kunyanja mkazi ndi ana ali ndi mwini mbumba, ndipo mwamuna amene angonyamula banja kupita nalo kumpoto osakagwada kwa amalume a mkazi wake wadzipalira nkhani imene idzamudikira pa tsiku la ukwati kapena la maliro. Pitani nonse awiri, mukhale pamphasa, mufotokoze kumene mukupita ndi m'mene azikupezerani. Pomwepo mukambenso za munda. Munda wogona zaka ziwiri umayamba kuchepa m'malire, ndipo pa chaka chachisanu amene amalimamo amati ndi wake. Tchulani pamaso pa a mfumu ndi mboni amene atsale akulima, ndi kuti akungosunga, ndipo mawuwo alembedwe.

Chachitatu ndi mapepala. Kalata za kusukulu za mwana aliyense, mabuku a kuchipatala, khadi la sikelo, ziphaso za unzika ndi kalata ya ukwati zikhale m'chikwama chimodzi chimene chisakwere pa lole, chikhale pamiyendo panu. Wodwala shuga, BP kapena amene amalandira mankhwala mwezi ndi mwezi akatenge kalata yomutumiza kuchipatala cha kumeneko ndi mankhwala okwanira kufikira atalembetsa. Ife amene timaphunzitsa pamadrasa tiwonjezepo pempho limodzi: pitani kwa mwalimu wa ana anu akulembereni pamene mwana aliyense wafika. Taona ana ofika pa juzu yachitatu akubwezedwa ku alifu chifukwa mwalimu watsopano alibe chomuuza, ndipo mwana wobwezedwa chotere amagwa ulesi osadzabwereranso.

ZONYAMULA NDI ZOGULITSA

Mwini lole amawerengera ulendo, choncho funso pa chinthu chilichonse ndi lakuti: kodi malo amene chitenge pa lole ndi otsika mtengo kuposa kukagula china kumeneko? Mipando yothyoka miyendo, migolo yodontha ndi bedi lodyedwa ndi chiswe zisiyeni. Ku Mzuzu akalipentala ndi ambiri ndipo matabwa amapezeka. Koma makina osokera, mapoto, njinga, mtondo wozolowera dzanja la amayi, chimanga ndi mpunga wa chaka chino, zimenezo nyamulani. Chimanga chithiridwe mankhwala a anankafumbwe chisanasokedwe m'matumba.

Pali zina zimene zimaimitsa lole pa rodibuloko. Makala opanda chilolezo a zankhalango amalanda. Matabwa atsopano amafuna pepala losonyeza kumene achokera. Mbuzi ndi ng'ombe siziyenda kuchoka boma lina kupita lina popanda kalata ya alangizi a ziweto. Ife mbuzi tidazisiya kumudzi, nkhuku tidadya ndi otithandiza kulongedza.

Makatoni alembedwe manambala ndi zimene zili m'katimo, ndipo mndandanda wake ulembedwe kawiri, wina wanu wina wa dalaivala. Mbale zadothi ndi magalasi zikulungidwe m'zitenje zakale. Misahafu ndi mabuku a dini zikhale m'katoni yakeyake, yokutidwa ndi pulasitiki, yoikidwa pamwamba pamene sipapondedwa. Katoni yomaliza kukwera ikhale yoyamba kutsika, ndipo muikemo mabulangete, ketulo, machesi, tochi, sopo, ufa pang'ono ndi miswala.

KUPANGANA NDI MWINI LOLE

Safunsa adadya phula. Funsani mitengo kwa anthu atatu, ndipo funsaninso za malole amene abwera kumwera ndi mpunga wa ku Karonga kapena katundu wina, chifukwa pobwerera kumpoto opanda kanthu amalola mtengo wotsikirapo. Lole muione ndi maso anu: matayala, la sipeya, jeke, ndi tenti yopanda zibowo. Kuyambira pamene ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu November 2023, mtengo wa pakamwa sukhalitsa, choncho pangano lilembedwe pamaso pa mboni ziwiri. Lifotokoze mtengo, amene agule mafuta, amene alipire onyamula, ndi chochitika galimoto ikafera panjira. Musalipire zonse poyamba. Theka ponyamuka, theka katundu atatsika ndi kuwerengedwa. Popeza mafuta pena amasowa m'dziko muno, onetsetsani kuti thanki yadzaza usiku woti mawa ndi ulendo.

Amayi ndi ana asakwere pamwamba pa katundu, ngakhale dalaivala atanena kuti malo alipo. Akwere basi tsiku lotsatira. Pa lole pakwere mwamuna mmodzi kapena awiri a pabanja, kutsogolo.

Njira zilipo ziwiri. Ya M1 imadzera ku Ntcheu, Dedza, Lilongwe, Kasungu ndi Chikangawa. Ili ndi magalaji ambiri, koma ili ndi zitunda, mageti olipiritsa monga a pa Chingeni ndi pa Kalinyeke, ndi nkhungu ya m'mapiri a Viphya imene imabisa msewu. Ya M5 imatsata nyanja, ndi yachidikha mpaka ku Nkhata Bay, koma ili ndi milatho yopapatiza ndi malo ena okumbika. Funsani madalaivala amene adutsamo sabata yomweyo. Ife tidasankha ya kunyanja, ndipo tidazungulira dala ku Mangochi kuti tikatenge matumba a chimanga ndi kutsazika komaliza.

TSIKU LOYAMBA: ZOMBA MPAKA NKHOTAKOTA

Tidanyamuka titangoswali Subuhi, phiri la Zomba likadali lofunda mtambo. Tidadutsa Domasi ndi Malosa, tidatsika zitunda za Machinga pang'onopang'ono, dalaivala akumvetsera mabuleki, mpaka tidaoloka Shire pa Liwonde, pamene pali baraji imene idamangidwa mu 1965 kuti izisunga mlingo wa madzi opita kumakina a magetsi. Apa pamayamba dziko la malambe ndi migwalangwa. Kupyola Ulongwe, nyanja ya Malombe imaonekera kudzanja lamanja, ndipo posachedwa mwafika ku Mangochi, tauni imene atsamunda adaitcha Fort Johnston. Katundu wa kumudzi akhale atafika kale pamsewu, pakuti lole yolemera ikalowa mumchenga wa kumidzi mudzagona pomwepo.

Kuchoka ku Mangochi tidatsata msewu wa ku Monkey Bay, kudutsa Namiasi ndi Makawa, kenaka tidakhotera kumadzulo m'chigwa cha Bwanje mpaka tidakumana ndi M5 cha ku Golomoti. Kumanzere kumaima mapiri a Dedza ngati khoma, ndipo m'tsinde mwake muli Mua, mishoni ya Akatolika imene idayamba mu 1902. Kupyola doko la Chipoka tidafika ku Salima dzuwa litapendeka. Apa ndi pomwera mafuta ndi poonanso zingwe, chifukwa katundu akagwedezeka theka la tsiku amakhazikika ndipo zingwe zimakhwepa.

Ku Salima tidaswali. Pa ulendo wopitirira makilomita pafupifupi 80 wapaulendo amaloledwa kufupikitsa swala za maraka anayi kukhala awiri, ndiponso kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, Maghrib ndi Isha. Chilolezo chimenechi chimathandiza pa msamuko, chifukwa lole siingaime kasanu. Koma wosamuka akumbukire kuti akangofika mumzinda umene akukakhazikikamo ulendo watha, ndipo swala zabwerera mwakale ngakhale makatoni asanamasulidwe.

Kuchoka ku Salima msewu umadutsa minda ya mpunga ndi chinangwa, Khombedza ndi Benga, mpaka pamlatho wa Chia, pamene thamanda lalikulu limalumikizana ndi nyanja ndipo anyamata amathamangira galimoto atakweza nsomba m'mwamba. Tidalowa mu Nkhotakota dzuwa likulowa. Usiku musayende pa msewu uwu, muli njinga zopanda nyali ndi ziweto.

Nkhotakota si malo achilendo kwa ife. Kuno ndi kumene Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika m'zaka za m'ma 1840, ndipo ngalawa zake zinkaoloka nyanja kupita kutsidya la kum'mawa. Ndi amodzi mwa makomo amene Chisilamu chidalowera m'dziko muno, ngakhale tiyenera kunena zoona kuti ngalawa zomwezo zinkanyamula minyanga ndi akapolo. Tidaimika lole pamalo a mlonda, ndipo tidadya kondowole ndi chambo. Amene sadazolowere nsima ya chinangwa ayambiretu pano, chifukwa kuyambira pano mpaka ku Nkhata Bay ndiyo nsima.

TSIKU LACHIWIRI: KUKWERA KUMPOTO

M'mawa tidaoloka Bua, mtsinje umene mpasa zimakwera kukaswana, ndipo patsogolo pake msewu udalowa m'minda ya nzimbe ya ku Dwangwa yotambalala mpaka kumene maso alekezera. Mukaoloka Dwambazi mwalowa m'chigawo cha kumpoto, m'dziko la Atonga. Mapiri amayandikira nyanja, mitengo imatalika, ndipo mchenga wa ku Kande ndi Chintheche ndi woyera ngati ufa. Patali pamadzi tidaona ngati utsi wa moto ukukwera kumwamba. Mnzathu wa ku Malombe adayesa sitima ikupsa, koma dalaivala adaseka nati ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi, ndipo anthu a kuno amatigwira ndi kupanga ndiwo.

Kupyola Chintheche msewu umalowa m'nkhalango ya mitengo ya labala ya ku Vizara, kumene ana amagulitsa mipira yopangidwa ndi utomoni wake. Pa mphambano ya Nkhata Bay tidasiyana ndi nyanja. Kuchokera apa mpaka ku Mzuzu ndi makilomita osakwana 50, koma ndi pamene lole imayesedwa, pakuti imakwera mamita opitirira 700 m'njira yokhotakhota. Dalaivala adaima kuona madzi a mu injini tisanayambe chitunda. Tikukwera, nthochi zidachuluka, mpweya udasintha, ndipo tisanafike tidali titavala majuzi amene m'mawa womwewo tinkawaona ngati katundu wachabe.

KUKHAZIKIKA

Nyumba ya ku Mzuzu isapezedwe pa lamya. Mwezi umodzi msamuko usanachitike mmodzi wa inu apite akaione, ndipo asalipire kwa munthu wongolozera nyumba asanakumane ndi mwini wake. Mzindawu udamangidwa pa timapiri ndi madambo, ndipo mvula yake imapitirira mpaka April ndi May. Mu April 2016 mvula yamphamvu idagwetsa nyumba zambiri mumzindawu. Poona nyumba ku Chibavi, ku Mchengautuwa, ku Zolozolo, ku Chiputula kapena ku Masasa, yang'anani m'munsi mwa makoma ngati muli chinyontho, funsani anansi kumene madzi amadzera, ndipo onani ngati lole ingafike pakhomo. Yezani ndi mapazi anu mtunda wa kusukulu, kumzikiti ndi kumadrasa. Nyumba yotchipa imene mwana sangayende kupita kumadrasa madzulo ndi kubwerako kusanade idzakudyerani zambiri kuposa lendi.

Kuzizira kwa June ndi July musakupeputse. Ana obadwira kunyanja amadwala chifuwa chaka choyamba, ndipo madzi a udhu wa m'bandakucha amaluma zala. Mabulangete, majuzi ndi masokosi zikhale pa bajeti ya msamuko. Ubwino wake ndi wakuti mbatata, kabichi ndi nthochi ndi zambiri, ndipo usipa ndi batala zimakwera kuchokera ku Nkhata Bay. Za nyama funsani kumzikiti Lachisanu loyamba, adzakulozerani mabutchala odalirika. Kibula kuno ndi monga kwathu, kumpoto kopendekera pang'ono kum'mawa, koma m'nyumba yachilendo mutu umazungulira, choncho funsani kapena yezani usiku woyamba.

Anansi anu ambiri adzakhala Akhristu olankhula Chitumbuka. Musadikire kuti akupezeni. Tsiku lachiwiri gogodani pamakomo oyandikana nanu, mudzitchule, ndipo phunzirani msanga kunena "monire" ndi "yewo". Kaonekereninso kwa mfumu ya m'deralo. Mwana akadzatentha thupi pakati pa usiku, amene adzakuperekezeni kuchipatala ndi wa khomo loyandikana nalo, pakuti amalume ali kutali masiku awiri. Amayi ndiwo amasungulumwa kwambiri, chifukwa bambo amapita kuntchito ndipo ana kusukulu, choncho sabata yoyamba yomweyo adziwane ndi amayi anzawo a pamzikiti ndi a pamsika.

Pomaliza, patulani ndalama ya basi ya anthu awiri yopita ndi kubwera kumudzi, muisunge padera osaikhudza ngakhale mwezi utavuta. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo uthenga wa kumudzi sufunsa ngati mwalandira. Panganinso ndi akumudzi kuti ana azipita pa tchuthi chachitali kamodzi pachaka, kuti asaiwale Chiyao, asaiwale kupalasa bwato, ndipo adziwe malire a munda wa amayi awo. Amene mukukonzekera msamuko chaka chino, Mulungu akufewetsereni njira ndi kukufikitsani bwino, inu ndi katundu wanu.